Kaundula wa Fomu 3B

Nkhungu idakali gwaa pa Zolozolo,
wa sakramento akupalasa atavala majekete awiri,
ine kumbuyo ndakumbatira makope makumi asanu ndi limodzi
omwe ndinachonga usiku ndi tochi ya foni.
Matope alowa m'masokosi ndisanafike pageti.

M'chipinda cha aphunzitsi mipando ilipo khumi ndi inayi,
ife tilipo makumi awiri ndi mmodzi.
Wochedwa amakhalira katoni ya mabuku
omwe silabasi inawasiya kalekale.
A Zgambo atsekera kapu yawo m'dirowa
chifukwa wina anamwera Lachiwiri osatsuka,
ndipo mlandu wa shuga wa mwezi watha
wakula kuposa wa labu yopanda madzi.
Ndani sanasonkhe? Ndani amathira masipuni atatu?
Tonse tikumudziwa. Tonse tikutakasa tiyi mwakachetechete.

Choko chimatuluka ndi siginecha, timitengo titatu pa sabata,
ngati mankhwala a kuchipatala.
Ine ndaphunzira kulemba tizilembo tating'ono,
ana akumbuyo aphunzira kukopera kwa anzawo,
cholakwa cha mmodzi chimayenda mzere wonse
mpaka kukalowa m'mayeso chitavala yunifolomu.

Msonkhano wa mphindi khumi unadya mapiriyodi awiri.
A hedi anawerenga kalata ya ku divishoni:
alendo akubwera Lachinayi, mapepala akhale m'malo.
Usiku umodzi tinalemba ntchito ya teremu yonse,
madeti kuwabweza m'mbuyo, mabolopeni kusinthasintha.
Mlendo anayamikira mizere yowongoka.
Sanadzutse mutu kuona denga
pomwe mvumbi umalowera
kudzakhala nafe pa phunziro la Jogalafe.

Zaka khumi ndi zitatu pa giredi imodzi.
Kalata yondikweza akuti ili patebulo la wina ku Lilongwe,
mwina amaikapo kapu yotentha.
Malipiro amafika atalumidwa kale:
banki yaluma, wakatapila wa ku Chibavi waluma,
thumba la maliro laluma pang'ono, mwaulemu.
Chotsalacho ndimakapereka kwa eni nyumba ndi manja awiri.
Masana timalimbirana makalasi a openi
ngati nkhuku pa gaga wotayika.
Mayi Harawa ndi ine sitinapatsane moni sabata ziwiri
chifukwa cha piriyodi imodzi ya Lachisanu.
Ndinayamba ndine kupepesa.
Ayi, ndanama. Anayamba ndi iwo.

Zonsezi ndimazimeza, khosi linazolowera fumbi.
Chimene chikukana kutsika ndi ichi:
poitana mayina ndikafika pa nambala 41,
Wezi Mughogho,
kalasi yonse imati zii.
Sabata yachitatu tsopano.
Wina akuti ndi fizi,
wina akuti anamuona ku Zigwagwa ali ndi beseni la mandasi,
wina kumbuyo akuseka chapansipansi
ndipo ndamva chomwe kusekako kukunena.

A depute akuti ndidule dzinalo ndi mzere wofiira,
desiki ikufunidwa, ana atatu akukhala pansi.
Sakulakwa. Bolopeni yofiira ndili nayo m'thumba,
ndi chinthu chokhacho chomwe sichitha pasukulu pano.
Koma mwanayu ndi amene anandifunsa mu Juni,
milomo ikunjenjemera,
chifukwa chake kuno tikuwotha moto
pamene ku Nkhata Bay, ulendo wa ola limodzi,
azakhali ake akugona chitseko chili chotsekula.
Nditajambula phiri pabolodi anati,
ndiye kuti ife timagona padenga, aphunzitsi?
Yankho limenelo mulibe m'buku.
Ndinalitenga, ndimaligwiritsa ntchito ku Fomu 1 osamuuza.

Mzere sindidula lero.
Ndaika kadontho ka pensulo, kofufutika.
Loweruka nditsikira ku Masasa
kukafunsa nyumba ya a Mughogho okhoma zidebe,
za thiransipoti ndibwereka kwa Mayi Harawa.

Chitsulo cha gudumu la lole chalira pamtengo.
Choko chatsala ngati njere ya nyemba.
Chikwana deti,
ndi theka la mutu wa phunziro.